Pa Intavyu Ndiziyang'ana Kuti?

Funso: Alangizi, ndaitanidwa ku intavyu ya ukalaliki pa boma la Kasungu. Kwathu tinakula tikuuzidwa kuti kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano. Tsono kumeneko ndizikayankha chowerama? Nanga ndingadziwe bwanji kuti yankho langa lawagwira mtima? Ndine mtsikana wa ku Santhe.

Yankho: Achemwali, ulemu wakumudziwo usatayike, koma m'chipinda cha intavyu kuwerama amakumva mwina. Ofunsa akaona munthu akuyankha maso ali pansi, amaganiza kuti akukayika zomwe akunena, kapena kuti sadzatha kulandira anthu pa ofesi. Yang'anani amene akufunsayo mpaka amalize. Poyankha yambani ndi iyeyo, kenaka maso aziyenda kwa enawo, masekondi 3 kapena 4 pa munthu aliyense. Manyazi akakula, yang'anani pakati pa nsidze zake, iye sazindikira. Kutong'ola maso osaphethira ndiye ayi, umenewo ndi mwano kulikonse.

Gogodani, perekani moni, dikirani akulozereni mpando. Kugwada n'kosafunika. Dzanja musayambe ndinu kupereka, koma akakupatsani landirani mutagwira mkono monga mwa kwathu, palibe amene amadana nazo. Foni muzimitsiretu panja. Envulopu ya masatifiketi ikhale pamiyendo, manja pamwamba pake, chifukwa mantha amatulukira m'zala: kupindapinda pepala, kuseweretsa cholembera, kugwiragwira tsitsi.

Tsopano za ofunsawo. Akamagwedezera mutu uku akulemba, pitirizani. Wina akaika cholembera pansi, akasuzumira wotchi kapena akayamba kusakasaka funso lotsatira papepala, mwatalikitsa, tsirizani ndi chiganizo chimodzi. Akakwinya nkhope n'kubwereza funso lomwelo m'mawu ena, ndiye kuti munaphonya. Musaumirire pa yankho loyamba lija, nenani kuti, "Mundilole ndifotokozenso," n'kupereka chitsanzo cha ntchito imene munagwirapo.

Komatu chizindikiro chimodzi chisakusokonezeni. Wopinda manja pachifuwa mu Juni kapena Julaye mwina akungomva kuzizira. Pagulupo nthawi zambiri pamakhalanso wina amene chidwi chake chonse chili pa kulemba malikisi, nkhope ili gwaa kwa aliyense wolowa. Inu muziona kusintha. Munthu amene amamwetulira, n'kuleka mwadzidzidzi mutangotchula chimene munasiyira ntchito yakale, wakayikira pamenepo. Fotokozani chifukwacho momveka, osanyoza abwana akale, iye asanapite ku funso lina.