"Akuti atithandiza lendi, bola mwana akasewere kwawo": yankho kwa mayi wa ku Georgia

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala kufupi ndi mzinda wa Atlanta, m'chigawo cha Georgia ku America. Mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka 15, ali mu giredi 10, ndipo akusewera mpira wa ku America, uja wa zipewa zolimba ndi kugundana mapewa. Akuti thupi mnyamatayo ali nalo, liwironso lilipo. Tsiku lina masewera atatha, bambo wina anawatsatira poimika magalimoto n'kuwauza kuti mwanayo akungotaya nthawi pa sukulu imene alipo. Anatchula sukulu ina yotchuka pa mpira, n'kunena kuti akafuna kusamukira kumeneko "pali anthu" amene angathandizeko pa lendi. Mayiwo akufunsa kuti cholakwika n'chiyani, poti sakubera mayeso, sakunama zaka, akungofuna kuti mwana aonekere kwa makochi a m'mayunivesite. Akutinso mnzawo wa kutchalitchi anawachenjeza kuti "samalani, zingakuchitikireni za ku Valdosta", koma iwo sanamve kuti akutanthauza chiyani.

Mayi, mnzanuyo anakulozerani malo oyenera, ndiye tiyeni tiyambire komweko.

Valdosta ndi tauni ya anthu pafupifupi 55,000, kum'mwera kwenikweni kwa Georgia, pafupi ndi malire a Florida. Timu ya sukulu ya sekondale ya m'tauniyi, Valdosta Wildcats, inayamba kusewera mu 1913 ndipo yapambana masewera oposa 900, kuposa sukulu ina iliyonse ya sekondale ku America konse. Chikho cha chigawo yatenga ka 24. Kochi Wright Bazemore yekha anabweretsa zikho 14, Nick Hyder anawonjezera 7, ndipo bwalo lawo, lolowa anthu oposa 10,000, limatchedwa ndi mayina a awiriwa. Hyder atamwalira mwadzidzidzi mu 1996, mwambo wa maliro ake unachitikira pa bwalo lomwelo, bokosi lili pakati pa bwalo. Mu 2008 kanema wa zamasewera wa ESPN anapatsa tauniyi dzina lakuti TitleTown, kutanthauza kwawo kwa zikho. Tikunena za ana a sekondale apa, anyamata oti ena ndevu sizinayambe n'komwe, koma Lachisanu madzulo tauni yonse imakhala pa mapewa awo.

Malo otere chikho chikasowa, anthu sagona. Itatenga chikho mu 1998, Valdosta sinatengenso china mpaka 2016, pamene anansi awo a Lowndes High, sukulu ya m'dera lomwelo, anatenga mu 1999, 2004, 2005 ndi 2007. Amene anakhalapo moyandikana ndi sapota wa timu imene ikupambana, yanu ikungogonja, akudziwa kuwawa kwake. Alan Rodemaker ndiye anathetsa chilalacho mu 2016, koma mu January 2020 komiti yoyendetsa masukulu a m'tauniyi inamuchotsa ntchito ndi mavoti 5 kwa 4. Asanu amene anamuchotsawo anali anthu akuda, anayi omuikira kumbuyo anali azungu, ndipo Rodemaker, yemwe ndi mzungu, anakasuma kukhoti kuti amuchotsa chifukwa cha khungu. Mlandu umenewu musauiwale, ubweranso kutsogoloku.

M'malo mwake analemba Rush Propst. Propst anatchuka ku Hoover High m'chigawo cha Alabama, kumene anatenga zikho zisanu, koma anachokako mu 2007 kafukufuku atapeza kuti magiredi a osewera ena ankasinthidwa komanso kuti osewera ankakonderedwa m'kalasi. Anapita ku Colquitt County ku Georgia, n'kutenga zikho mu 2014 ndi 2015 osagonjako ngakhale kamodzi, kenako mu 2019 anamuchotsanso pambuyo pa kafukufuku wina wokhudza khalidwe lake pa ntchito. Colquitt County ili pa ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Valdosta. Palibe amene anganene kuti mbiri ya munthuyu sinawafike. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima: iwo ankafuna chikho, ndipo anatenga munthu wodziwa kubweretsa chikho, ndi katundu wake yense.

Tsopano ku malamulo, chifukwa funso lanu lagona pamenepo. Masewera a sukulu za sekondale ku Georgia amayendetsedwa ndi bungwe la Georgia High School Association, mwachidule GHSA. Mwana amapatsidwa zaka zinayi zotsatizana zosewera kuyambira tsiku limene walowa giredi 9, pali malire a zaka zobadwa, ndipo ayenera kumakhoza m'kalasi. Koma lamulo limene limagwira anthu ambiri ndi la kusamuka. Mwana akasintha sukulu, kuti asewere timu yaikulu nthawi yomweyo, banja lonse liyenera kuti lasamukadi: nyumba yakale mwaisiya, katundu mwanyamula, nonse mukugona ku dera la sukulu yatsopanoyo. Kupanda apo, amakhala chaka chathunthu osasewera timu yaikulu. Lamulo lina limaletsa kunyengerera. Kochi, sapota, kholo la mwana wina, aliyense wogwirizana ndi sukuluyo, saloledwa kukopa mwana ndi ndalama, lendi, ntchito ya kholo kapena mphatso kuti abwere kudzasewera.

Ife tinakulira pa madandaulo a zaka. Mpira wa sukulu ukafika kumapeto, mumaona "mwana" wa timu inayo akulowa m'bwalo ndi ndevu zometa m'mawa womwewo, anthu n'kumakuwa kuti ameneyo ndi waganyu. Ku America chikalata cha kubadwa n'chovuta kuchisewera, ndiye waganyu wa kuno amabwera ndi adiresi yatsopano.

Chaka cha 2020 chinali cha Covid-19, ndipo California inaimitsa mpira wa sekondale. Jake Garcia, mmodzi wa oponya mpira odziwika kwambiri m'dziko lonselo pa msinkhu wake, anachoka kumeneko ndi bambo ake n'kukafika ku Valdosta, mayi ake atatsala ku California chifukwa cha ntchito. Apa lamulo la banja lonse lija linawapinga. Bambo akewo anauza ESPN poyera kuti iwo ndi akazi awo apatukana mwalamulo n'cholinga choti mwana aloledwe kusewera. Taganizani, mayi, ukwati kuupinda chifukwa cha mpira wa sekondale! A GHSA atamva zimenezi sanachedwe. Garcia anasewerera Valdosta kamodzi kokha n'kuletsedwa. Banjalo linasamukiranso ku Grayson High, kufupi ndi Atlanta, komwe analoledwa kusewera ndipo timuyo inatenga chikho chaka chomwecho.

Nkhani ya lendi inatulukira kwina. Sukulu zoterezi zimakhala ndi gulu la masapota osonkha ndalama, ndipo la ku Valdosta limatchedwa Touchdown Club. Magulu amenewa sindiwanyoza onse ayi. Ndi amene amagula zovala ndi zipangizo, kudyetsa anyamata, ena mwa iwo ochokera m'makomo oti chakudya cha madzulo n'chokayikitsa. Vuto ndi lakuti thumba limene likugula chakudya likhozanso kulipira nyumba ya banja la mwana wa ku tauni ina, ndipo ndalama zake sizidutsa mu ofesi ya sukulu. Mkulu woyendetsa gululi pa nthawiyo, Michael Nelson, anajambula Propst mobisa akulankhula zofuna ndalama zimene mwini wake anazitcha "funny money", ndalama zosalembedwa m'buku. Kumayambiriro kwa 2021 Nelson anaitanidwa kukapereka umboni pa mlandu wa Rodemaker uja, ndipo atalumbira ananena kuti Propst ankafuna ndalama zolipirira lendi mabanja a osewera obwera. Mawu ojambulidwawo anafalikira pa intaneti.

Onani njira imene chinsinsicho chinadutsa. Sichinaululidwe ndi timu yopikisana nayo, kapena ndi wofufuza wochokera kutali. Anachiulula munthu wa m'kati, wokonda timuyo, pa mlandu woti sunali wokhudza anawo n'komwe. Akuluakulu atayambana pa zawo, mayina a ana ndi makolo awo ndiwo anayalidwa pabwalo. Bambo amene anakutsatirani poimika magalimoto uja lero akumwetulira, koma simukudziwa kuti chaka chamawa adzakhala atakangana ndi ndani, kapena kuti foni ya ndani idzakhala ikujambula.

Mu April 2021 GHSA inagamula. Valdosta inalipitsidwa chindapusa cha madola 7,500, masewera asanu ndi awiri amene inapambana mu 2020 anafufutidwa, inaletsedwa kupikisana nawo pa chikho mu 2021, ndipo osewera asanu anagamulidwa kuti sanali oyenera kusewera. Apilo inakanidwa. Propst ntchito inatha, Nelson nayenso anachotsedwa ku Touchdown Club.

Tiwerengere limodzi amene anataya chiyani. Madola 7,500 kwa timu yodzaza bwalo la anthu 10,000 ndi ndalama ya chiwaya. Propst pofika 2023 anali atapezanso ntchito ya ukochi ku Pell City, kwawo ku Alabama. Garcia anapita ku yunivesite ya Miami. Koma anyamata obwera amene anali asanamalize sukulu anauzidwa kuti akhale chaka osasewera ku Georgia, ndipo wina anachita kusamukira ku Florida kuti apeze bwalo. Kuli anyamata enanso amene nkhani zambiri siziwatchula: obadwira mu Valdosta momwemo, amene sanasamuke, sanalandire kalikonse, ndipo 2021 chinali chaka chawo chomaliza. Anasewera nyengo yonse akudziwa kuti ngakhale apambane bwanji, ku chikho sakapitako. Kochi amakhala ndi zaka 30 kapena 40 zoti agwe n'kudzukanso. Mwana wanu ali ndi zinayi zokha, ndipo chimodzi chapita kale.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi apa: lamuloli silikomera onse mofanana, ndipo amene amati ndi lachilungamo kotheratu sanaliyang'anitsitse. Banja la ndalama likafuna sukulu ya mpira wabwino limangogula nyumba m'dera limenelo, kusamuka ndi galimoto yaikulu masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe mlandu. Banja la Garcia linatha kusamuka kawiri m'miyezi yochepa. Kholo logwira mashifiti awiri silingathe zimenezo popanda wolithandiza, ndipo thandizolo ndi limene lamulo likuletsa. Zimawawa. Komabe ndikaganiza za mnyamata amene wakhala pa benchi kuyambira giredi 9 kudikira nthawi yake, kenako malo ake n'kupatsidwa mlendo amene masapota amulipirira nyumba, ndimamvetsa chifukwa chake lamuloli lilipo. Ndipo kaya ndi lachilungamo kaya ayi, likadzagwira ntchito lidzagwera pa dzina la mwana wanu.

Palinso china chimene simunafunse. Nthawi zambiri "thandizo la lendi" limeneli silikhala la nyumba yokwana banja lonse. Limakhala kachipinda koti pakhale adiresi, mwana azigonako masiku ena, inu mukadali kwanu kwakale. Mukatero mwasaina mapepala a sukulu ya boma ndi adiresi yabodza, ndipo imeneyo si nkhani ya mpiranso. Mu 2011 mayi wina ku Ohio anakhala m'ndende masiku 9 chifukwa cholembetsa ana ake pa adiresi ya agogo a anawo kuti aphunzire pa sukulu yabwinoko. Kwa munthu wobwera, amene mapepala ake okhalira m'dziko mwina akadali m'njira, chinthu chotere si choseweretsa.

Za kuonekera kwa makochi, bambo ujayu anakuuzani theka la zoona. N'zoona kuti sukulu zotchuka zimachezeredwa kwambiri. Koma masiku ano makochi a m'mayunivesite amayamba ndi mavidiyo a pa Hudl, tsamba la pa intaneti loikapo mavidiyo a osewera, ndi makampu a nthawi ya tchuthi, ndipo vidiyo imafuna mwana amene ali m'bwalo. Kusewera masewera onse pa sukulu wamba kumapereka zambiri zoonetsa kusiyana ndi kukhala wachitatu pa mzere ku sukulu ya zikho. Mukumbukirenso kuti mwa anyamata pafupifupi miliyoni imodzi amene amasewera mpirawu ku sekondale, ndi 7 okha pa 100 alionse amene amakasewera m'mayunivesite a NCAA, bungwe lalikulu loyendetsa masewera a m'mayunivesite, ndipo kumeneko amayamba ayang'ana magiredi a m'kalasi asanalole mwana kuvala yunifomu.

Ngati mukufunadi kusamuka, pa zifukwa zanu ndi ndalama zanu, palibe wokuletsani, ndipo mwana akhoza kusewera. Musanasaine pangano la nyumba, pitani nokha kwa mkulu wa zamasewera wa sukulu yatsopanoyo, mumufotokozere momwe banja lanu lilili, amene akusamuka ndi amene akutsala ngati alipo, ndipo mupemphe kuti yankho lake akulembereni pa imelo. Malamulo a GHSA amasinthidwa pafupipafupi, choncho werengani a chaka chino pa tsamba lawo, osadalira zimene wina anachita zaka zitatu zapitazo. Bambo uja akakuimbiraninso, mufunseni dzina lake lonse, udindo wake pa sukuluyo, ndiponso ngati angabwereze mawu a lendi aja mkulu wa zamasewerayo ali pomwepo.