Ndasintha mabeyaring'i, koma crankshaft yalimba

Funso: Akonzi, ndamanganso injini ya chainsaw yanga ndipo ndaika mabeyaring'i atsopano, koma nditamanga mabawuti crankshaft (chitsulo chozungulira chimene pisitoni imayendetsa) ikuzungulira movutikira. Kodi ndiphwasulenso? Wowerenga wa ku Mzimba.

Yankho: Bambo, musafulumire kuphwasula, chifukwa kawirikawiri vutoli limabwera pamene mabeyaring'i apanikizika cham'mbali pophatikiza zigamba ziwiri za crankcase, bokosi limene crankshaft imakhalamo. Tengani hamala ya pulasitiki, mugogode pang'onopang'ono kunsonga zonse ziwiri za crankshaft, kenaka muipukuse ndi zala. Ikamasuka n'kumazungulira popanda kugwiragwira, ndiye kuti zakhala m'malo. Muonenso kuti mpata wa pakati pa crankshaft ndi khoma la crankcase ukufanana mbali zonse ziwiri.

Ikapanda kumasuka, kumbukirani mmene munalowetsera mabeyaring'iwo. Amakaniko ambiri amawakhomerera ndi hamala ali ozizira, zomwe zimasiya timaenje m'njira ya timipira tachitsulo, ndipo beyaring'i yotero ndi yotaya ngakhale ikuwala ngati yatsopano. Njira yabwino ndi kutenthetsa crankcase ya chitsulo kufika madigiri Celsius pafupifupi 120, beyaring'i itazizira mufiriji, kuti ingotsetsereka yokha mpaka pansi.

Werenganinso nambala yake. Makina ambiri amafuna beyaring'i yolembedwa C3, monga 6202 C3, yomwe ili ndi mpata wokulirapo mkati kuti isagwire ikatentha. Ma seal akale (mphira zotseka mpata kunsonga za crankshaft) musawabwezeretse, pakuti akalowetsa mpweya pisitoni imapsa.