Kuyeza mmene mwana wa m'nyumba yosungira ana amadalirira mlezi wake

Mwafunsa ngati njira imodzi ingathe kuyeza, m'maiko onse, mmene mwana wamng'ono wa m'nyumba yosungira ana amadalirira womulera. Kusiyana kwa zikhalidwe ndi vuto ndithu, koma ine ndikuona kuti vuto lalikulu ndi lakuti njira yotchukayo inakonzedwera mwana amene ali kale ndi munthu wakewake.

Njirayo ndi Strange Situation ya Mary Ainsworth, katswiri wa kaganizidwe ka ana, amene anayamba kufufuza za amayi ndi makanda ku Uganda m'zaka za m'ma 1950. Mwana wa chaka chimodzi kapena chaka ndi theka amamulowetsa m'chipinda chachilendo kwa mphindi pafupifupi 20, mlezi amatuluka n'kubwerera kawiri, ndipo ofufuza amayang'anitsitsa zimene mwanayo amachita mlezi akabwerera: kaya amamuthamangira n'kutonthola, kaya amamupewa, kaya amamukakamira koma osatonthozeka.

Mu 1988, ofufuza van IJzendoorn ndi Kroonenberg anaphatikiza kafukufuku 32 wogwiritsa ntchito njirayi wa m'maiko 8 ndipo anapeza kuti ana a m'dziko limodzi ankasiyana kwambiri okhaokha kuposa mmene maiko ankasiyanirana. Komabe mwana amene sanasiyidwepo yekha angalire mopitirira muyeso chifukwa chosiyidwa m'chipindacho, monga zinaonekera ku Japan, choncho woyeza ayenera kudziwa kaleredwe ka kumeneko.

M'nyumba yosungira ana, funso loyamba ndi lakuti alowe ndi mwanayo ndani, pamene alezi amasinthana usana ndi usiku. Ofufuza a ku Bucharest ku Romania, motsogozedwa ndi Charles Zeanah, Charles Nelson ndi Nathan Fox, anachita kufunsa ogwira ntchito kuti mwana aliyense amakonda mlezi uti. Zotsatira za mu 2005 zinasonyeza kuti ana pafupifupi 65 pa 100 alionse anali osokonezeka pofuna chitonthozo, ndipo ena sanathe n'komwe kuikidwa m'gulu lililonse. Atayeza ngati ubalewo unakhwima, anapeza kuti ndi ana 3 okha pa 100 amene anali ndi ubale wokhwima ndi mlezi. Apa m'pamene mtima wanga umawawa, chifukwa mwana wotere angalembedwe kuti ndi wofatsa pamene kwenikweni alibe womulirira. Chimodzimodzinso mwana amene amakumbatira mlendo aliyense n'kulola kupita naye: alendo amasangalala, koma akatswiri amati ndi chizindikiro chodetsa nkhawa.

Ngati mukukonza kafukufuku, yambani mwalemba kuti mwanayo wadutsa m'manja mwa alezi angati ndiponso anafika ali ndi miyezi ingati, popeza ku Bucharest ana amene anapita kukaleredwa m'mabanja asanakwane miyezi 24 ndi amene anachita bwino kwambiri. Kenaka muoneni kwa maola angapo pamalo pamene amakhala, pogwiritsa ntchito Attachment Q-Sort ya Everett Waters yomwe ili ndi makadi 90 ofotokoza zochita za mwana amene woonayo amawasanja malinga ndi zimene waona, ndipo woonayo akhale wolankhula chinenero cha mwanayo.