Zambiri zomwe mukuziona n'za mpando, si za achimwene anu

Achemwali, mwafunsa kuti poti achimwene anu akwezedwa kukhala dayilekita ku Capital Hill, amalandira chiyani kwenikweni, popeza abale kumudzi ayamba kale kuwaunjikira mavuto ponena kuti alemera. Ndiyankhe mwachifatse, chifukwa nkhani imeneyi yadanitsa abale ambiri.

Ntchito za m'boma zimayenda ndi magiredi. Womaliza digiri amayambira pa giredi I, dayilekita amakhala pa D, mlembi wamkulu wa unduna, amene timangoti PS, ali pa C, ndipo pamwamba pa onse pali mlembi wa Pulezidenti ndi nduna zake. Choncho achimwene anuwo afikadi patali, ndipo muwayamikire. Malamulo a kagwiridwe kawo ka ntchito ali m'buku la malamulo a ogwira ntchito m'boma lija amalitcha MPSR, komanso m'makalata omwe a DHRMD, nthambi yoona za ogwira ntchito m'boma, amatulutsa nthawi ndi nthawi.

Koma chimene anthu amaona n'kumati munthu walemera si salale. Ndi galimoto, mafuta a pamwezi, ma alawansi a maulendo ndi misonkhano ya ku Salima kapena ku Mangochi. Zonsezi zimatsata mpando. Tsiku lomwe munthu wachoka pampandopo, makiyi amabweza, mafuta amatha, foni imasiya kulira. Ngakhale akadali pantchito, zikhoza kudulidwa usiku umodzi. Kumbukirani mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti: Pulezidenti wa nthawiyo, a Chakwera, anaimitsa maulendo a kunja, n'kudula ndi theka mafuta a nduna ndi akuluakulu a boma. Amene anakonza moyo wake podalira mafutawo anauona mwezi kutalika.

Pamene pamandiwawa kwambiri ndi pa penshoni. Munthu wa m'boma amapuma akakwana zaka 60, ndipo ndalama zake zopumira amaziwerengera pa salale ndi zaka zomwe wagwira, osati pa ma alawansi. Ndiye mumapeza bambo yemwe dzulo ankatsegulidwa chitseko cha Prado, lero ali ndi envelopu ya khaki m'khwapa, akuzungulira maofesi kufunsa kuti fayilo yake ya gratuity, ndalama zopatsidwa nthawi imodzi popuma pantchito, yafika pati. Ena amadikira miyezi yambirimbiri. Achinyamata omwe analowetsedwa mu penshoni yosonkha kuyambira 2017 njira yawo ndi ina, iwo amadulidwa 5 peresenti boma n'kuikapo 10, koma nazonso zimachokera pa salale yomweyo. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti boma likanachita bwino kukweza salale yeniyeni n'kuchepetsa ma alawansi. Mmene zilili pano, munthu woona mtima amene amakhala mu ofesi n'kumagwira ntchito amatsalira, pamene wothamangira mawekishopu ndiye amamanga nyumba. A Chilima, omwe anali wachiwiri kwa Pulezidenti, anapatsidwa ntchito younika nkhani yomweyi ya ma alawansi ndi makontilakiti mu 2021, lipoti analipereka, koma boma silinalitulutse kuti tonse tiliwerenge.

Chinanso, kumtundaku kumawomba mphepo. Lamulo la Public Service Act la 1994 limapereka kwa Pulezidenti mphamvu yosankha anthu a m'maudindo akuluakulu. Boma likasintha, taonapo alembi akuluakulu akusamutsidwira ku OPC, ofesi ya Pulezidenti ndi nduna zake, n'kumakhala opanda chochita, salale ikulowa koma ulemu utapita. Malamulo akuluakulu a dziko amati wogwira ntchito m'boma asaonetse mbali pandale, komabe andale amamuyang'ana ndi diso la chipani. Komanso siginecha yawo ndi yolemera. PS ndiye amayankha za ndalama zonse za unduna, ndipo dayilekita amasainira zambiri zisanafike kwa iye. Nkhani ya Cashgate ya 2013, ya kubedwa kwa ndalama za boma, inatengera kundende ngakhale mlembi wamkulu wa unduna. Lamulo la chaka chomwecho limafunanso kuti akuluakulu a boma azilembetsa chuma chawo. Mbale akamawakakamiza kuti "tangondipezerani tenda" kapena "mulowetseni mwanayu ntchito", adziwe kuti akuwakankhira kuphompho.

Ndiye kwa abale kumudziko, auzeni mosabisa kuti galimoto ija ndi ya boma, si yonyamulira chimanga kapena kuperekeza chinkhoswe. Achimwenewo athandize monga mwa salale yawo, anene poyera kuti pamwezi angathe zakuti, fizi ya ana angati, basi. Ndipo inuyo muwalimbikitse kuti apite kwa a HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, ku unduna kwawo, akatenge kalata yofotokoza zonse zoyenera giredi yawo, aone zomwe zidzawatsate akadzapuma ndi zomwe zidzatsale pa ofesi. Akaonenso ngati fayilo yawo ili ndi kalata yolembedwera ntchito, yotsimikizidwa pantchito ndi makalata onse okwezedwa, chifukwa pepala limodzi likasowa ndi lomwe limachedwetsa gratuity. Ngati alibe nyumba yawoyawo, ayambe kuumba njerwa chaka chino.