Kwa achemwali ovutitsidwa ndi abwana kushopu

Achemwali mwafunsa ngati ndi mlandu abwana kumakuuzani kuti muzivala siketi yaifupi kuti makasitomala azichuluka, kuphatikizapo kumakugwirani m'chiuno mukamawerengera ndalama pakauntala. Eya ndi mlandu ndithu, musamvere aja amati "amuna ndi choncho, pirirani ntchito ikusowa". Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa zimenezi, wopezeka wolakwa chilango chake ndi K1,000,000 komanso zaka 5 kundende, ndipo malo antchito amayenera kukhala ndi ndondomeko yodandaulira nkhani zotere, kungoti mashopu ambiri kuno ku Lilongwe sazilabadira n'komwe. Ine zimandinyansa, ngakhale mavidiyo a nyimbo ena kamera imangoloza kumbuyo kwa atsikana basi, ndiye bambo wamkuluwamkulu n'kumaona ngati mtsikana wapatilu nayenso ndi katundu wa m'shopu.

Chachikulu musafufute mameseji a pa WhatsApp aja, jambulani mutumize kufoni ya munthu amene mumamukhulupirira, mulembenso m'kabuku tsiku, zomwe ananena ndi amene analipo, chifukwa abwana otere akaona kuti mwakana amayamba kukusakirani zifukwa, lero mwachedwa, mawa ndalama zashota, mkuja kalata yokuchotsani. Pitani ku Victim Support Unit kupolisi yapafupi nanu kapena ku Malawi Human Rights Commission, likulu lawo lili konkuno. Akakuchotsani ntchito kadandauleni ku leba, zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi loona milandu ya pantchito. Musasayine pepala lililonse losiya ntchito musanaliwerenge, olo akukakamizeni bwanji.