Tafunsani za Pantchito: Amuna anga asaine kuti awadule malipiro?

FUNSO

Zikomo a Mlangizi. Amuna anga ndi oyendetsa ndege ku kampani ina yaing'ono ya m'dziko loyandikana nalo, yomwe imayenda maulendo afupiafupi. Okwera achepa, ndege zina zangoima, ndipo mabwana abweretsa pepala loti oyendetsa ndege onse avomere kudulidwa malipiro "mpaka zinthu zitakhala bwino". Akuti akakana, ena achotsedwa ntchito kapena kampani itsekedwa. Ine ndili kuno ndi ana awiri a sukulu komanso ngongole ya kubanki yomwe tinatenga pomanga nyumba. Achibale akuti munthu wolandira ndalama zambiri chonchija asamadandaule. Ine ndikuti asaine kuti ntchito isawathere, iwo akuti mtima ukukana. Tichite bwanji?

Mayi wodandaula, Lilongwe

YANKHO

Mayi, mtima wa amuna anuwo sukuwanamiza. Kudulidwa malipiro angathe kuvomera, ndipo mwina n'koyenera. Chimene sayenera kuikapo dzina lawo ndi lonjezo lakuti "mpaka zinthu zitakhala bwino". Lonjezo limeneli lilibe tsiku, lilibe muyeso, ndipo wodzalengeza kuti zinthu zakhala bwino ndi yemweyo amene kudulako kukumupindulira.

Za achibale ndiyankhe msanga, chifukwa ndikudziwa kuti zikukuwawani. Inde, kaputeni wa ndege amalandira zoposa mphunzitsi kapena namwino, palibe chobisa. Koma tengani pepala la malipiro la mwezi umene ndege zinkauluka bwino, muliike pambali pa la mwezi watha. Muona kuti ndalama za woyendetsa ndege zimabwera m'zigawo: salale yokhazikika, ndalama za maola amene wauluka, ndi alawansi ya usiku umene wagona kunja. Ndege zikaima, zigawo ziwiri zomalizazi zimauma zokha, popanda munthu kusaina kanthu. Choncho pepala abweretsali ndi kudula kwachiwiri, ndipo kukugwera pa salale yokhazikika, pomwe nthawi zambiri amawerengerapo penshoni ndi ndalama zolandira ntchito ikatha. Achibale sadziwa zimenezi. Sadziwanso kuti ambiri mwa achinyamata okhala kumpando wa kumanja, othandiza kaputeni, akadali kubweza ngongole ya sukulu yophunzirira kuyendetsa ndege, komanso kuti makampani ang'onoang'ono ndi amene amalipira zochepa.

Nkhani yoti mukambirane ndi amuna anu ndi ya Kenya Airways, yomwe ndege zake timaziona zikutera pa bwalo la Kamuzu. Mu 2020, chaka chimene bungwe la makampani a ndege la IATA linati maulendo a anthu pa ndege padziko lonse anatsika ndi pafupifupi 66 peresenti, boma la Kenya linaimitsa ndege za anthu zopita ndi zochokera kunja kuyambira pa 25 Malichi mpaka pa 1 Ogasiti. Kampaniyo inadula malipiro, kuyambira kwa mkulu wake Allan Kilavuka kutsika m'munsi, n'kusiyanso kuponya ndalama m'thumba la penshoni la ogwira ntchito. Chifukwa chake chinali poyera: ndege zinali pansi, ndipo chaka chimenecho kampani inaluza mashilingi 36 biliyoni. Kenako ndege zinayambanso kuuluka, okwera anabwerera, 2021 inadutsa, 2022 n'kufika kumapeto, koma thumba la penshoni linali lisanabwezeretsedwe ndipo oyendetsa ndege ankadandaulabe za ndalama zomwe anauzidwa kuti angozichedwetsa. Pa 5 Novembala 2022, mamembala a bungwe lawo la KALPA, pafupifupi 400, ananyanyala ntchito. Anthu zikwizikwi anasowa mtengo wogwira pa bwalo la Jomo Kenyatta ku Nairobi, kampani inati ikutaya mashilingi pafupifupi 300 miliyoni patsiku, nduna ya zamtengatenga Kipchumba Murkomen inawadzudzula poyera, ndipo khoti loona za ntchito linawalamula kuti abwerere. Anabwerera pa 9 Novembala, patatha masiku anayi.

Taonani mmene zinayendera. Kudula kunatheka m'milungu yochepa. Kuti nkhani yobwezera imveke panapita zaka zoposa ziwiri ndi sitalaka, ndipo pa sitalakapo anthu wamba sanaone antchito amene anapirira nthawi ya mliri, anangoona anthu olandira zambiri akuwasiya pa bwalo la ndege. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chimene sichinalembedwe lero, pamene mabwana akufuna siginecha ya amuna anu, chidzavuta kuchipeza mabwanawo akadzasiya kuwafuna.

Tsono pepalalo lisinthidwe. Choyamba linene poyera ngati ndalamazo zikudulidwa kapena zikungochedwetsedwa. Zodulidwa zapita. Zochedwetsedwa ndi ngongole imene wantchito wabwereketsa kampani, ndipo ngongole imakhala ndi kuchuluka kwake ndi tsiku lobwezera. Ine ndimakonda kuti gawo lalikulu likhale lochedwetsedwa. Kenako pakhale tsiku lenileni limene salale yakale idzabwerere yokha, popanda msonkhano wina, kaya ndi pakatha miyezi 6 kapena 12. Mabwana akafuna kuonjezera nthawi, iwowo ndi amene adzabwere kudzapempha. Ngati akuumirira kuti zidalire mmene bizinesi ikuyendera, muyeso wake ukhale chinthu chimene woyendetsa ndege angathe kudziwerengera yekha, monga chiwerengero cha ndege zimene zabwerera m'mwamba kapena maola amene kampani yonse yauluka pamwezi. Asavomere muyeso wa "phindu". Kenya Airways inadzalengeza phindu la chaka chonse mu malipoti a 2024, patatha zaka zoposa 10 ikuluza. Wodikira phindu kumeneko akanadikira mpaka imvi.

Pali mzere wina umene anthu amaiwala, ndipo umandipweteka mtima ndikaona wasowa: penshoni ndi ndalama zolandira ntchito ikatha ziziwerengeredwa pa salale yakale. Popanda mzere umenewu, munthu amavomera kudulidwa kuti apulumutse kampani, kampani n'kumuchotsabe pakapita miyezi ingapo, n'kumuwerengera zotsazikana pa salale yodulayo. Wadulidwa kawiri chifukwa cha mtima wabwino. Pepalalo linenenso kuti pa nthawi ya mgwirizanowu sipakhala kuchotsa anthu, ndipo kukachitika, wochotsedwayo alandire zonse zimene anamudula. Mabwana nawo adulidwe, ndipo adulidwe zoposa za ena. Komanso amuna anu asamale kuti m'pepala la malipiro musalowetsedwe mozemba nkhani yochepetsa masiku opuma. Woyendetsa ndege wotopa, amene mutu wake uli pa ngongole ya nyumba, si munthu amene ndingafune kuti anyamule ana anga.

Mwina mukufunsa chifukwa chake sindikungoti akane. Kukana kuli ndi mtengo wake. Oyendetsa ndege a South African Airways anakakamira mgwirizano wawo wakale wa mu 1988, womwe oyendetsa kampaniyo ankati ndi wodula kwambiri. Mu Disembala 2020 anawatsekera kunja kwa ntchito, anakhala miyezi yambiri choncho, anadzagwirizana mu Julayi 2021, ndipo pamene ndege zinayambanso kuuluka pa 23 Sepitembala 2021, kampani inali itachepa kwambiri ndipo ndi ochepa okha amene anatsalamo.

Chifukwa china chili mu ntchito yeniyeniyo. Laisensi ya woyendetsa ndege siili ngati satifiketi yopachika pakhoma. Malamulo salola kuti anyamule anthu ngati sananyamuke ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo. Amapimidwa ndi dokotala chaka chilichonse, ndipo pafupifupi miyezi 6 iliyonse amalowa m'makina oyeserera otchedwa simulator, chibokosi choima pa miyendo yachitsulo chimene mkati mwake muli ngati kutsogolo kwa ndege. Mmenemo woyesa amamuzimitsira injini imodzi ndege ikungonyamuka, amamubweretsera chifunga ndi moto, n'kumayang'ana manja ake. Makina amenewa makampani ang'onoang'ono alibe, amachita kulipira kunja m'madola. Munthu akakhala pantchito, kampani ndi imene imalipira. Akakhala panyumba, zonsezi zimatha mphamvu chimodzichimodzi, ndipo kuti azitsitsimutse ayenera kupisa m'thumba mwake. Onjezani kuti m'makampani ambiri udindo, masiku opuma ndi ndandanda ya amene achoke poyamba zimatsatira zaka zimene munthu wagwira pa kampaniyo, moti wosamuka amakayambira kumapeto kwa mzere ngakhale ali ndi maola zikwi zambiri. Nchifukwa chake ntchito ya malipiro odulidwa, yokhala ndi laisensi yamoyo, ili ndi phindu limene pepala la malipiro silionetsa. Mumgwirizanomo mulembedwe kuti kampani ipitiriza kulipira simulator ndi dokotala kwa onse, ngakhale amene sakuuluka.

Funso lalikulu limene amuna anu ndi anzawo ayenera kufunsa asanakambe za maperesenti ndi ili: kodi kampaniyi yadwala chifukwa okwera achepa, kapena inali yodwala kale? South African Airways inalowa m'manja mwa oipulumutsa mu Disembala 2019, mliri usanafike. Air Namibia inakhala zaka zambiri ikudalira ndalama za boma isanatsekedwe mu Febuluwale 2021. Ife kuno tikukumbukira Air Malawi, yomwe inatha mu 2013 popanda mliri uliwonse. Ngakhale Comair ya ku South Africa, yomwe inkayendetsa ndege za kulula.com ndipo inakhala zaka zambirimbiri ikupanga phindu, inabwerera m'mwamba mliri utavuta koma n'kudzaimiratu pakati pa chaka cha 2022 ndalama zitasowa. Kampani ya ndege imadyedwa ndi mafuta, lendi ya ndege zobwereka yomwe imalipidwa m'madola kaya ndegeyo yauluka kapena ayi, zipangizo ndi ngongole za kubanki. Malipiro a oyendetsa ndege ndi gawo limodzi chabe. Choncho afunse: eni ndege zobwerekazo avomera kuchepetsa kapena kudikira? Mabanki avomera? Eni kampani aikamo ndalama zawo? Pali njira ina yopezera ndalama, monga momwe Ethiopian Airlines inachitira mu 2020 pochotsa mipando m'ndege zina n'kumanyamula katundu? Ngati yankho ndi ayi ponseponse, ndipo ogwira ntchito okha ndi amene akupemphedwa kumanga lamba, ndalama za sukulu za ana anu zikungopita kukalipira okongoza kampani kwa miyezi ingapo. Ndipo kampani ikagwa, eni ndege amatenga ndege zawo, mabanki okhala ndi chikole amatenga chikole chawo, wantchito amatola zotsala. Mayankho amenewa asawamve pakamwa. Bungwe lawo lipemphe kuti akauntanti wawo aone mabuku a kampani. Mabwana oona mtima savutika kutsegula mabuku panthawi ngati ino.

Amuna anu asasaine okha mu ofesi ya bwana. Akasaina mmodzimmodzi, mphamvu yosinthira pepalalo yatha. Ngati bungwe la oyendetsa ndege kulibe, asonkhe ndalama apeze loya wa za ntchito wa m'dziko limenelo, chifukwa malamulo ogwira ntchito pa nkhaniyi ndi a kumeneko, osati a kuno.

Inunso, mayi, muli ndi gawo lanu. Pitani kubanki sabata ino, musanaphonye mwezi ngakhale umodzi, mukapemphe kuti ngongole aitalikitse kuti zobweza pamwezi zichepe. Banki imamvera bwino munthu amene wabwera yekha kusiyana ndi amene yachita kumulondola. Kusukulu kambiranani zolipira pang'onopang'ono. Bajeti ya pakhomo muipange ngati kuti ndalama zochedwetsedwazo sizidzabwera. Ndipo pafoni musawapanikize kuti asaine mawa. Auzeni kuti pakhomo mwakonza moti angathe kudikira milungu ingapo pepala likukonzedwa, ndipo CV ndi buku lawo la maola zikhale zokonzeka.

FUNSO

Ine sindine woyendetsa ndege, ndimaphika pa loji ina kunyanja. Alendo akachepa, bwana amatiuza kuti tizilandira theka. Ndagwira zaka 8. Malamulo amati chiyani?

Bambo wa ku Mangochi

YANKHO

Bambo, ndege zikachepa inu ndi amene mumayamba kumva, chifukwa mlendo amene sanatere pa Kamuzu kapena pa Chileka sadzadya chambo chanu. Malipiro ndi mbali ya mgwirizano wanu wa ntchito, ndipo bwana sayenera kungowasintha yekha popanda kukambirana nanu. Mukagwirizana, zilembedwe: kuyambira liti, mpaka liti, ndiponso ngati theka linalo adzakubwezerani nyengo ya alendo ikafika.

Chenjerani pa zinthu ziwiri. Lamulo la penshoni limati bwana aziponya 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Funsani sitetimenti ku kampani yosunga penshoniyo muone ngati ndalama zikufikadi, chifukwa zinthu zikavuta apa ndi pamene mabwana ena amayamba kubisala. Chachiwiri, munthu akachotsedwa chifukwa bizinesi yavuta, lamulo la ntchito limamupatsa malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse mwa zaka 5 zoyamba, a milungu itatu pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi a milungu inayi kuyambira cha 11. Pa zaka 8 zanuzo ndi milungu 19. Milungu 19 ya salale yonse ndi milungu 19 ya theka zikusiyana kutali, choncho pepalalo linene kuti adzawerengera pa salale yonse. Musanasaine, pitani nalo ku ofesi ya leba pa boma ku Mangochi akalione, ndipo mudzasunge kope yokhala ndi siginecha ya bwana.