Kodi wodwala angadye ndi kuyenda tsiku lotsatira opaleshoni ya matumbo?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti bambo ake akuyembekezera opaleshoni yochotsa mbali ya thumbo lalikulu, ndipo dokotala wawauza kuti adzayamba kumwa, kudya pang'ono komanso kuyenda pasanathe maola 24. Mayiwa ali ndi nkhawa, poti anazolowera kuona wong'ambidwa pamimba akugona masiku angapo pa dripu osalawa kanthu.

Mayi, dokotalayo sakupupuluma ayi. Njirayi anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1990 ndi dokotala wa ku Denmark, Henrik Kehlet, yemwe mu 1999 anaonetsa kuti odwala ambiri ochotsedwa mbali ya thumbo amatha kubwerera kwawo patangopita masiku awiri. Lero imatchedwa ERAS (Enhanced Recovery After Surgery, kutanthauza kuchira msanga pambuyo pa opaleshoni), ndipo bungwe loiyendetsa linakhazikitsidwa ku Sweden mu 2010.

Chimene Kehlet anazindikira n'chakuti njala ndi kugona chigonere zimachedwetsa kuchira. Munthu wosadzuka pabedi minofu yake imafooka, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibayo chimamugwira mosavuta chifukwa amaopa kupuma mokoka ndi kutsokomola. Matumbo nawonso amayambiranso ntchito msanga akalandira chakudya, pamene mankhwala ochepetsa ululu ngati morphine akachuluka amawagonetsa. N'chifukwa chake ngakhale opaleshoni isanachitike, wodwala amaloledwa chakudya mpaka kutatsala maola 6, ndi madzi mpaka kutatsala maola 2, pokhapokha ngati thumbo latsekeka kapena dokotala waletsa.

Ine ndikuona kuti gawo lalikulu lili m'manja mwanu ngati mudzakhale gadiyani. Chifundo chathu chimatiuza kuti wodwala asavutitsidwe, koma pano chifundo chenicheni ndi kuwakhazika bambo m'mphepete mwa bedi anamwino akalola, kuwagwira dzanja mpaka pakhomo la wodi, ndi kuwapatsa pilo kuti atsamize pabala akamatsokomola. Phala lamadzimadzi, masipuni ochepa kangapo patsiku, ndi lokwanira poyamba. Nsima idikire kaye. Ngati amasuta fodya kapena kumwa mowa, asiye kutatsala milungu inayi kuti opaleshoni ichitike.

Koma kutuluka msanga m'chipatala sikutanthauza kuti ngozi yatha, chifukwa pamene thumbo linalumikizidwa pamatha kudontha, makamaka m'sabata yoyamba. Thupi likatentha, mimba ikafufuma, ululu ukamakulirakulira, akamasanza kapena akasiya kutulutsa mpweya, musadikire tsiku limene anakulemberani. Bwererani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.